Kudziphoda pa usiku wotchena m'sitima yapanyanja: ntchito iyambire ku Mzuzu konkuno

Sitima zikuluzikulu zonyamula anthu okasangalala panyanja ya mchere zimakhala ndi usiku umene aliyense amatchena. Abambo amavala suti, amayi madiresi aatali, ojambula amaima m'munsi mwa masitepe ndi makamera awo, ndipo nthawi zambiri kaputeni nayenso amatulukira kudzapatsa anthu moni. Paulendo waufupi usiku wotere umakhala umodzi, paulendo wa sabata kapena kuposerapo ungakhale uwiri. Kwa ife a kuno, sitima zapafupi ndi zonyamukira ku Durban, monga za MSC Cruises, zomwe zimayenda kuyambira cha mu Novembala mpaka cha mu Epulo, kulowera ku Mozambique, ku Portuguese Island kufupi ndi Maputo kapena ku Pomene.

Miyezi imeneyi kugombe kumeneko kumatentha ndipo chinyezi chimakhala chochuluka. Apa ndiye pagona nkhani. Mzuzu ili pamtunda, mamita opitirira 1,200 kuchokera pamene pali nyanja ya mchere, ndipo munthu wodziphoda m'mawa ku Katoto amaweruka nkhope ili chikhalire chifukwa mphepo ya kuno imamusungira. Zophoda zomwezo mukapita nazo ku Durban, ola limodzi silitha, mphuno yayamba kale kung'anima, mizere ya thukuta ikutsika m'mbali mwa makutu. Choncho amene akudikira kuti akaganizire za nkhope yake ali kale m'sitima wachedwa. Ntchito yaikulu ichitikire kuno.

Kudakali mwezi

Yambani ndi khungu lenilenilo. Sambani kumaso m'mawa ndi madzulo ndi sopo wosalusa, dzolani mafuta opepuka, ndipo musayambe mankhwala achilendo ulendo utayandikira. Khungu likakana chinthu limatha masabata lisanakhululuke. Ngati mumadzola mafuta oyeretsa khungu, makamaka aja ogula m'timabotolo topanda zolemba, dziwani kuti ambiri amakhala ndi hydroquinone, mercury kapena mankhwala a steroid, omwe amapepukitsa khungu. Khungu lotere likakumana ndi dzuwa la panyanja limapsa ndi kuchita mawanga akuda pamasaya, ndipo mawanga amenewo palibe faundeshoni (utoto wopaka nkhope yonse wofanana ndi khungu) yomwe ingawabise bwino. Amene wadzola kwa nthawi yaitali akaonane kaye ndi a chipatala, asangosiya yekha mwadzidzidzi, chifukwa mafuta a steroid akasiyidwa mwa njira imeneyo nkhope imatha kutuluka totupa.

Kenako nkhani ya faundeshoni, yomwe ndi mutu wa zonse. Musayese pamkono kapena kuseri kwa dzanja, monga amachitira ambiri mumsika. Dzanja ndi nkhope sizifanana mtundu. Tengani mitundu itatu yoyandikana, lembani timizere titatu kuchokera patsaya kutsikira pansagwada mpaka kukhudza khosi, ndiye tulukani panja pa sitolo ndi kalilole wanu. Magetsi a m'sitolo amanama. Panja, mzere umene wasowa, umene mukuchita kuufunafuna, ndiwo wanu. Musalipire nthawi yomweyo. Yendayendani kaye kwa mphindi 20 kapena 30, mukagule tomato, mubwerenso, chifukwa faundeshoni zina zikasakanikirana ndi mafuta a pankhope zimada kapena kufiirira. Yang'anani ngati sikutuwa. Pakhungu lakuda vuto lalikulu ndi kutuwa, ndipo limabwera pamene faundeshoni ili yowala kuposa inu, kapena pamene khungu lanu lili lofiirira pansi pake koma mwasankha yopita kuchikasu.

Mukapeza yanu, gulaninso ina yaing'ono yoderako pang'ono. Chifukwa chake n'chakuti usiku wotchena ukhoza kufika mutakhala kale padzuwa, pamwamba pa sitima kapena pamchenga wa pachilumba, ndipo mudzakhala mutada kuposa momwe munachokera ku Luwinga. Ndi mabotolo awiri mumasakaniza kuseri kwa dzanja mpaka zifanane ndi nkhope ya tsikulo.

Pogula, tembenuzani botolo. Pamakhala kachithunzi ka chitini chotsekula cholembedwa 6M, 12M kapena 24M, kusonyeza miyezi imene chinthucho chingagwire ntchito chikatsekulidwa. Chimene chalekana, mafuta pamwamba zina pansi, kapena chikununkha ngati chasasa, chisiyeni ngakhale mtengo utsike bwanji. Masikara (utoto wopaka tsitsi la m'zikope) akale, opitirira miyezi itatu chitsekulireni, tayani. Maso akadwala panyanja mudzalipira dokotala wa m'sitima ndalama yomwe simunaikonzere.

Ngati mukufuna malashi oikirira, tsitsi lija lomata m'zikope, yesani guluu wake tsopano. Pakani kadontho kuseri kwa khutu kapena mkati mwa mkono, dikirani maola 48. Pakayabwa kapena kutupa, ndiye kuti guluuyo si wanu. Maguluu ambiri amakhala ndi mphira wa latex, ndipo alipo ena opanda. Nsidze mukonzetse kutatsala masiku anayi kapena asanu, osati dzulo lake.

Mayeso akachitikire ku Nkhata Bay

Ili ndi gawo limene anthu amaseka ndikawauza, koma ndi limene ndimaliona lofunika kuposa onse. Sankhani Loweruka lina, dziphodeni ndendende momwe mukufuna kudzaonekera usiku umenewo, ndiye kwerani galimoto mutsetsereke msewu wa M5. Ndi makilomita osakwana 50, koma mumatsika kuchoka kumtunda kozizira kufika pamamita osakwana 500, komwe mpweya ndi wofunda ndi wachinyezi. Khalani kumeneko maola anayi kapena asanu. Idyani nsomba yamafuta, imwani chakumwa, yendani mpaka kudoko komwe Ilala imakocheza, sitima yomwe yakhala ikuyenda panyanja yathu kuyambira 1951. Pobwerera dziyang'aneni pakalilole mosadzinyengerera. Pati pasungunuka? Lipisitiki yatsala mzere wakunja wokha? Masikara atsikira m'munsi mwa maso? Zimene Nkhata Bay yakuonetsani ndi zimene Durban idzakuonetseni, kungoti kuno mukadali ndi mpata wosintha.

Kukada, muuzeni mnzanu akujambuleni ndi foni atayatsa fulashi. Musalumphe zimenezi. Paudala wina woyera, makamaka wokhala ndi silica wambiri, komanso mafuta oteteza kudzuwa okhala ndi zinc oxide kapena titanium dioxide, amabweza kuwala kwa fulashi. Pakalilole mumaoneka bwinobwino, koma pachithunzi m'munsi mwa maso ndi pachipumi pamayera ngati mwachokera kuchigayo. Ojambula a m'sitima amagwiritsa ntchito fulashi yamphamvu kuposa ya foni, ndipo chithunzi cha usiku umenewo ndi chomwe chidzapachikidwe pabalaza. Mukaona kuyera, sinthani paudala, mutenge wofanana ndi khungu lanu kapena wopita kuchikasu pang'ono.

Amene sadziwa kudziphoda yekha apite kwa wodziwa ku saluni ya kuno, koma asapite kukangokhala phee maso ali chitsinzire. Muuzeni kuti, “Asisi, lero sindinabwere kudzaphodedwa, ndabwera kudzaphunzira. Inu mupange mbali imodzi ya nkhope, inayo ndipanga ndekha, muzindikonza.” Mwina akuyankhani kuti, “Amayi, ndiye mtengo wake usintha,” ndipo akulondola, mulipireni. Jambulani chinthu chilichonse chimene wagwiritsa ntchito, dzina ndi nambala yake. Nyamulaninso diresi kapena kansalu kotsala kwa atelala, kuti mitundu ya m'maso ndi milomo isakangane ndi chovala. Ngati mwasoketsa chovala cha chitenje chamaluwa ambiri, chomwe m'sitima chimakopa maso kuposa madiresi akuda omwe amadzaza chipinda chodyera, nkhope ikhale yodekha: maso osavuta, milomo yokha ndiyo ilankhule.

Kulongedza

Ngati mukukwera ndege ku Kamuzu International Airport kupita ku Johannesburg, zamadzimadzi za m'chikwama cha m'manja zisapitirire mamililita 100 pabotolo, ndipo zikhale m'kathumba ka pulasitiki koonekera mkati. Faundeshoni yanu, mabotolo onse awiri, ikhale m'chikwama chimenechi. Sutikesi ikhoza kusochera, komanso m'sitima katundu wamkulu amafika kuchipinda patapita maola mutakwera. Mukayenda pabasi, chikwama cha zophoda chisakhale pansi pafupi ndi injini, lipisitiki imasungunuka. Pakati pa paudala ndi chivindikiro chake ikani kathonje kuti asasweke.

Soketi za m'sitima zambiri si zamano atatu a makona ngati zathu, ndiye tengani adaputa. Simbi yositira zovala ndi makandulo saloleza. Kalilole wamng'ono woimika patebulo ndi wofunika kwambiri.

Tsiku lokwera: saluni kapena nokha?

M'sitima mumakhala saluni, kawirikawiri mkati mwa malo osisitirako thupi. Ngati mukufuna kuphodedwa kumeneko, pitani tsiku lomwe mwakwera, musanapite n'kukaona dziwe losambira lomwe. Aliyense amafuna maola omwewo, a madzulo a tsiku lotchena, ndipo malo amatha msanga. Funsani tsiku lake kumalo olandirira alendo kapena onani pepala la ndondomeko ya tsiku lomwe amapereka. Onaninso pakhadi lanu nthawi yomwe akupatsani yodyera, chifukwa chakudya chamadzulo chimagawidwa pawiri, ena amadya kukangoda, ena mochedwerapo. Nthawi ya saluni ithe kutatsala ola limodzi kuti mukhale patebulo.

Funsani zinthu zitatu musanalembetse. Choyamba, ngati alipo amene amaphoda nkhope, chifukwa saluni zina zimangokonza tsitsi ndi zikhadabo. Chachiwiri, mtengo wonse, pamodzi ndi ndalama ya ntchito imene amawonjezera pamwamba. M'sitima simugwira ndalama m'manja, zonse zimalembedwa pakhadi la chipinda chanu, ndipo m'sitima za ku Durban mitengo imakhala m'madola a ku America. Iwerengereni m'makwacha muli chiimire pomwepo, musanagwedeze mutu. Chachitatu, auzeni kuti mubweretsa faundeshoni yanu. Masaluni ambiri, apamtunda ndi apanyanja omwe, amakhala ndi mitundu yochepa ya khungu lakuda, ndipo wophoda akasowa yanu amatenga yoyandikira, yomwe nthawi zambiri imakhala yowala. Musachite manyazi. Muonetseni chithunzi cha ku Nkhata Bay chija, mumuuze kuti mukufuna chimenechi. Akamaliza, dzijambuleni ndi fulashi musanadzuke pampando.

Ine ndimaona kuti wodziwako pang'ono ndi bwino adziphode yekha, ndalamayo ipite kutsitsi kapena pachithunzi. Nkhope yanu mwakhala nayo zaka zonsezi, wa ku saluni akuiona koyamba, ndipo kumbuyo kwanu kuli mzere wa anthu.

Madzulo ake

Masana a tsikulo thawani dzuwa, valani chipewa, imwani madzi. Ngati mumachita chizungulire ndi nseru panyanja, imwani mankhwala ake nthawi yabwino, koma dziwani kuti ambiri amagonetsa ndi kuumitsa m'kamwa, ndipo sagwirizana ndi mowa.

Dzipatseni maola awiri. Sambani kaye, chotsani mafuta oteteza kudzuwa onse a masana. Tsitsi, wigi kapena duku zikonzedwe poyamba. Musaphodere m'bafa: ndi mopanikiza, mumakhala nthunzi mukangosamba, ndipo getsi lake limachokera pamwamba n'kumaika mithunzi m'munsi mwa maso, munthu n'kumangowonjezera zophoda pamalo opanda vuto. Khalani patebulo la m'chipinda, pafupi ndi zenera ngati lilipo, makina oziziritsa ali oyatsa. Valani malaya otsekula kutsogolo.

Dzolani mafuta opepuka pang'ono, dikirani mphindi zisanu kuti alowe. Kenako primer, mankhwala opaka pansi pa faundeshoni kuti ikhalitse, koma pokhapo pamene pamatuluka mafuta: pachipumi, pamphuno, pachibwano. Masaya ouma asiyeni.

Yambani ndi maso, faundeshoni ibwere pambuyo, kuti fumbi la utoto likagwera pamasaya mungopukuta. Apa ndi pomwe sitima imakukumbutsani kuti simuli pamtunda. Ngakhale yaikulu bwanji imagwedezeka, makamaka zipinda zakutsogolo ndi zam'mwamba. Zapakati ndi zam'munsi zimadekha. Aliyense amene anakwerapo Ilala nthawi ya mwera akudziwa chimene madzi amachita ndi dzanja la munthu. Ndiye khalani pansi, dzanja logwira pensulo yojambulira m'maso chigongono chake chikhale patebulo, kachala kakang'ono katsamire patsaya. Musayese kukoka mzere umodzi wautali. Ikani timadontho m'mphepete mwa chikope, kenako tilumikizeni. Pensulo imakhululuka kuposa chojambulira chamadzi, chifukwa ikapotoka mumangosisita ndi kaburashi n'kuoneka ngati munafuna choncho. Pazikope, mitundu ya golide, ya mkuwa, yofiirira ndi yapepo wakuda imakhala bwino pakhungu lathu pansi pa magetsi a usiku. Yonyezimira ikhale pakati pa chikope pokha. Nsidze musazijambule ndi pensulo yakuda bii. Yofiirira moderako imaoneka yachibadwa, ndipo jambulani timizere tating'ono totsata momwe tsitsi lamerera. Masikara akhale osasungunuka ndi madzi. Malashi oikirira, dulani kaye kuti afanane ndi diso, pakani guluu, werengani mpaka 30 kuti ayambe kumata, ndiye muike mukuyang'ana pansi pakalilole wogoneka patebulo. Ngati nyanja yalusa usiku umenewo, asiyeni, pakani masikara kawiri.

Tsopano nkhope. Mawanga akuda ndi m'munsi mwa maso pakani kaye kamankhwala kamtundu wa lalanje, pang'ono kwambiri. Ndi kamene kamaletsa malowo kutuwa faundeshoni ikabwera pamwamba. Sakanizani mabotolo anu awiri aja kuseri kwa dzanja. Nyowetsani siponji, ifinyeni mpaka isadonthe, ndiye muzikanikiza pankhope, osasisita, kuyambira pakati kupita kumbali. Kumalo otentha lamulo ndi lakuti zopyapyala zimakhalitsa, zochindikala zimatsetsereka. Pakani kamodzi mopyapyala, yang'anani, muwonjezere pokhapo pakufunika. Tsikirani kukhosi ndi kumakutu, ndipo ngati diresi ndi lotsekula pachifuwa onani kuti nkhope ndi chifuwa zikugwirizana. Concealer (utoto wobisa malo akuda) ya m'munsi mwa maso iwale pang'ono chabe kuposa khungu lanu. Zija za pa TikTok zoyeretsa kwambiri m'munsi mwa maso zimapangidwira kamera ndi getsi la wojambulayo. Patebulo, munthu ali nanu pafupi, zimaoneka zina.

Paudala mumukanikize ndi kasiponji kouma pachipumi, m'mbali mwa mphuno, pamwamba pa mlomo ndi pachibwano, wotsala mumuchotse ndi burashi yaikulu. Pamasaya ikani utoto wofiira moderako kapena wa lalanje wakupsa, chifukwa nkhope ya faundeshoni yokhayokha imaoneka yosalala mopanda moyo. Wazani setting spray, madzi othandiza kuti zophoda zisasungunuke, botolo lili patali ndi nkhope pafupifupi masentimita 25, maso otsinzina, ndipo musakhudze mpaka ziume.

Milomo ikhale yomaliza. Jambulani m'mphepete ndi pensulo yofiirira, mudzaze mlomo wonse ndi pensulo yomweyo, kenako lipisitiki. Lumani thishu, pakaninso. Zonyezimira zomata zisiyeni ngati mukufuna kukaima panja, chifukwa mphepo ya panyanja imaponyera tsitsi pamilomo n'kulikoka patsaya lonse. Povala diresi lodutsa kumutu, phimbani nkhope ndi kaduku kopepuka. Mafuta onunkhira athireni pakhungu musanavale ndolo ndi mikanda.

Potuluka

M'kachikwama ka m'manja mulowe khadi la chipinda, lipisitiki, paudala ndi thishu, basi. Pitani kaye kwa ojambula musanadye komanso musanatuluke panja kukaona nyanja. Kujambulidwa nthawi zambiri salipiritsa, mumalipira chithunzi chomwe mwasankha kugula, ndiye imani pamalo awiri kapena atatu kuti mudzakhale ndi chosankha.

Thukuta likabwera, ndipo libwera mukayamba kuvina, musathire paudala pamwamba pake, amachita matope. Tengani thishu, mulekanitse kuti litsale pepala limodzi lopyapyala, mukanikize pamphuno ndi pachipumi, muchotse osakoka. Mudzaona mafuta atadinda pathishupo koma faundeshoni yatsala pankhope. Pokhapo ndiye paudala pang'ono. Lipisitiki mukapakenso kuchimbudzi mukatha kudya, osati patebulo.

Mukabwerera kuchipinda, ngakhale miyendo ikuwawa bwanji, chotsani zonse musanagone. Masikara osasungunuka ndi madzi sachoka ndi sopo. Nyowetsani thonje ndi mafuta ochotsera, muliike pachikope chotsinzina kwa masekondi 20, kenako mupukute motsitsa. Malashi muwachotse kuyambira kunja kwa diso, muchotse guluu wotsala, muwabwezere m'kabokosi kawo ngati pali usiku wachiwiri. Sambani ndi sopo wanu, dzolani mafuta. Thonje ndi timapepala tonyowa titayeni m'bini, osati m'chimbudzi, chifukwa zimbudzi za m'sitima zimakoka ndi mpweya m'mipope yopapatiza ndipo zikatsekeka zimavutitsanso zipinda zoyandikana nanu. Siponji ichapeni usiku womwewo, muiike poyera pafupi ndi mpweya wa makina oziziritsa, chifukwa m'chikwama chotseka, ndi chinyezi cha panyanja, imachita nkhungu.